A Chande Adya Kuti?

Ulusi unakana kulowa.

A Chande ananyowetsa nsonga yake ndi malovu. Anayesanso. Unadutsa pambali. Anawerama, mphuno pafupi ndi makina, natsinzina diso limodzi. Singano inali imodzi. Iwo ankaona ziwiri.

A Chande anali telala wa pa Chia. Makina awo opalasa ankakhala pakhonde la golosale, moyang'anizana ndi msewu wopita kuboma la Nkhotakota. Matipate anali atangofika kumene. Ntchito inali mbwee. Chipani chilichonse chinkagawa nsalu, ndipo wolandira aliyense ankafuna shati kapena diresi. Uyu yachikasu. Uyo yobiriwira. A Chande sankafunsa kuti munthu ali mbali iti. Ankasoka zonse n'kuzipachika pachingwe chimodzi.

Tsopano maso ndiwo ankawagwiritsa mwala. M'mawa ankaona ngati munthu woyang'ana mu utsi.

Mkazi wawo, Zulfa, anafika ndi botolo la madzi. Masiku amenewo a Chande ankamwa madzi ngati dimba la m'chilimwe.

"Bweretsani kuno," anatero Zulfa. Analowetsa ulusiwo kamodzi n'kamodzi.

"Ndi fumbi la malolewa," anatero a Chande.

"Fumbi lake losankha maso anu okha, bambo a Faizal?"

Asanayankhe panatulukira Useni, wogulitsa chambo pamlatho. Anali atavala shati yatsopano. Anakweza mkono kuti aliyense aone.

"Atelala, tayang'anani. Thumba munthu amalifuna pachifuwa. Ili mwalisoka kukhwapa. Ndiziikamo chiyani, thukuta?"

Anthu a pakhonde anaseka. A Chande sanaseke.

"Vulani, ndikonze."

"Konzani. Koma ndikutsineni khutu. A komiti ya chipani chathu ali ndi mpukutu wonse wa nsalu za msonkhano. Akuti akapereke kwa telala wa kuboma. Akuti inu maso atha."

Zulfa anaika botolo pansi. Makinawo ndiwo ankadyetsa banja. A Chande analibe bwato. Analibe ukonde. Anali ndi singano ndi maso basi.

Matenda a shuga anawapeza nawo chaka cham'mbuyo. Kuchipatala cha kuboma anawapatsa mapiritsi akumwa m'mawa ndi madzulo. Anawauza kuti azibwera mwezi uliwonse, m'mamawa, asanalawe kanthu, kuti aziwayeza magazi.

Zulfa anachita mbali yake. Anachotsa shuga m'nyumba. Paketi yomaliza anapatsa aneba. Uchi analetsa. Zakumwa za m'mabotolo analetsa. Tiyi wa a Chande anasanduka mankhwala. Pachitsime ankanena monyada: "Kwanga shuga kulibe ngakhale wothira m'diso. Nyerere zinasamuka."

Koma a Chande ankabwera kuchipatala ndi mawu omwewo. "Akuti shuga wa m'mawa ndi wokwera."

Poyamba Zulfa anati mwina zangochitika. Kenako anayamba kulumikiza zinthu. Munthu wagona kwanga. Wadzuka osadya. Kwanga shuga kulibe. Nanga ameneyu akumutenga kuti?

Yankho sanalifune kutali. Linali panjira ya kumzikiti, panyumba ya pansi pa mango. Panali Rahila, amake Nasra. Mkazi wamasiye. Wamtali, wosachedwa kuseka. Madiresi ake onse anasoka ndi a Chande, ndipo panalibe lopindika. Ankakazinga zitumbuwa mbandakucha, nthawi yomwe amuna amapita kukaswali subuhi, pemphero la m'mawa. Fungo lake linkafika mpaka kumsewu. Choipa koposa, nayenso anali ndi shuga. Tsiku la chipatala ankakwera matola amodzi ndi a Chande. Kupita limodzi. Kubwera limodzi.

Tsiku lina Zulfa anafunsa akuchotsa mbale.

"Zimakoma?"

"Ziti?"

"Musandiyese mwana. Zitumbuwa za amake Nasra."

"Walahi, chiyambire matendawa sindinalawepo."

"Ndiye shugayo amagwa ndi mame?"

"Inenso ndikudabwa, mayi a Faizal. Munthu wosadya angakhale bwanji ndi shuga? Mwina makina awo amanama."

"Ngati amanama, mumapitiranji?"

A Chande anali munthu wosakonda phokoso. Anasiya kupita. Kwa anzawo a pakhonde ankati: "Dziko lalandira matipate, koma kwathu chipani chikadali chimodzi." Ankatinso nambala ya m'mawa ilibe ntchito. Paja thupi silinkapweteka.

Zulfa sanalekere pomwepo. Anakulitsa chakudya chamadzulo. A Chande akabwera ku swala yomaliza ya kumzikiti ankapeza phiri la mpunga wa mtundu wa faya. Pambali chinangwa chophika. Pamwamba nthochi zakupsa.

"Idyani," ankatero. "Mimba yokhuta sinunkhiza za eni."

Mpunga sutsekemera. Kwa Zulfa, mpunga unalibe mlandu.

Mwezi unatha, wina n'kulowa. Ndiye kunabwera tsiku la shati ya Useni lija.

Masana a tsiku lomwelo Zulfa ankapeta mpunga pabwalo. Anamva odi. Anali Rahila.

"Mwaswera bwanji, amake Faizal?"

"Taswera. Mwasochera?"

"Ayi. Adokotala akufunsa. Akuti mnzanu uja ali kuti."

"Mnzanu."

"Ndi mawu awo, si anga."

"Ndiye atuma inu? Positi ofesi yatsekedwa?"

Rahila anakhala pamtondo osauzidwa. Anayang'ana lichero, kenako Zulfa.

"Ndamva za shati ya Useni. Achimwene anga a ku Mwadzama anayamba choncho. Ankati ndi utsi wa nyale. Lero amayenda atagwira phewa la munthu."

Lichero linaima pang'ono. Linayambanso.

"Mukanasiya kuwadyetsa zitumbuwa, bwenzi shuga atatsika."

Rahila anaseka. Kuseka komwe Zulfa ankadana nako.

"Ine ndimakazinga, sindidya. Ndingapatse bwanji wodwala mnzanga? Ndipo amuna anuwo, pepani, akafika pakhomo panga amathamanga ngati ndaweta galu."

"Mbava sinena kuti ndaba."

"Chabwino. Lachinayi ndi tsiku lathu. Musakhulupirire ine. Alondereni nokha. Kuyambira pambale yamadzulo mpaka pa singano ya adokotala. Mukaone."

Zulfa anauzira mankhusu. Mumtima anaona kale mapeto ake. Munthuyu akalonderedwa, shuga atsika. Akatsika, bodza la awiriwa ligwa poyera, pamaso pa adokotala.

"Ndiwalondera," anatero.

Lachitatu madzulo anaphika monga mwa masiku onse. Phiri lomwe lija. A Chande atatha kudya, Zulfa anakhoma kabati. Kiyi anamanga pansonga ya chitenje.

Mbandakucha kunamveka kuitana kwa kumzikiti. A Chande anavala mkanjo ndi chisoti. Potuluka anapeza Zulfa ali kale pakhomo, atafunda mpango.

"Mukupita kuti?"

"Kokuperekezani."

"Anthu aziti chiyani?"

"Aziti ali ndi mkazi."

Anayenda. A Chande patsogolo, Zulfa pambuyo, ngati wapolisi ndi mkaidi. Pansi pa mango paja moto unali ukuyaka. Nasra ndiye ankakazinga, mayi ake akukonzekera ulendo. Fungo la mafuta ndi nthochi linawapeza panjira. A Chande anayang'ana zala za kumapazi n'kuwonjezera liwiro. Zulfa anaona. Sizinamukhutiritse. Wolonderedwa aliyense amayenda bwino.

Pamzikiti Zulfa anakhala panja, pamuzu wa mtengo, maso pakhomo. A Chande atatuluka anawayang'ana pakamwa.

"Mwatafuna chiyani?"

"Mawu a Mulungu, mayi a Faizal."

Amene munayendapo msewu umenewu zaka zimenezo mukuwadziwa matola ake. Kagalimoto kotsegula kumbuyo. Anthu, matumba a mpunga, madengu a nsomba, njinga pamwamba. Rahila anakwera poyamba. A Chande anatsatira. Zulfa anadzipanikiza pakati pawo, pamalo osakwana nkhuku.

Bambo wina anatulutsa mtedza wokazinga n'kuyamba kugawa. Dzanja litafika kwa a Chande, Zulfa analibweza.

"Ali pa swaumu."

"Mwezi uno? Ramazani inapita kale."

"Iyi ndi ya adokotala."

Kuchipatala anapeza mabenchi atadzaza. Onse a shuga, onse osadya, onse nkhope zakugwa. Wina ankadandaula za mitengo ya zinthu. Wina ankati boma latsopano ligawe ndi mankhwala omwe, osati nsalu zokha. Magazi anatengedwa. Anadikira. Zulfa sanachotse maso pa a Chande, ngakhale pamene anapita kukamwa madzi pampopi. Madzi okha ndiwo anali ololedwa.

Ataitanidwa, analowa onse awiri.

Dokotala wa odwala shuga anali a Dyton, bambo wamfupi wa mawu ofatsa.

"A Chande, munasowa. Tinkayesa mwalowa ndale." Anayang'ana zotsatira. Nkhope inasintha. "Shuga wanu lero ndi 260. Wodwala shuga asanadye m'mawa timafuna akhale pakati pa 80 ndi 130."

Zulfa anaimirira.

"Sizingatheke. Munthuyu sanadye. Ndamulondera ine ndemwe. Kabati ndinakhoma, kiyi ndi uyu."

"Ndikukhulupirirani, mayi. Khalani pansi."

"Ndiye makina anu ndi onama."

"Sakunama. Ndikufunseni. Mukakolola mpunga mumadya wonse tsiku lomwelo?"

"Ayi. Timasunga."

"Thupi nalonso lili ndi nkhokwe yake. Ndi chiwindi. Munthu akadya, chiwindi chimasungako shuga. Usiku, makamaka kukamacha, chimatsegula n'kumutulutsa kuti munthu adzuke ndi mphamvu. Zimachitika kwa aliyense. Ngakhale kwa inu. Kungoti kwa inu thupi limadziwa kutseka nkhokwe nthawi yake. Kwa wodwala shuga chitseko chimachedwa kutsekeka. Shuga amadzaza m'magazi munthu ali mtulo."

Zulfa anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti sanadye kwina?"

A Dyton anayang'ana a Chande. A Chande anayang'ana denga.

"Zakwina sindizidziwa, mayi. Makina athu sayeza zimenezo. Chomwe ndikudziwa n'chakuti shuga uyu amakwera ngakhale munthu mutamutsekera m'chipinda yekha."

A Chande anapumira m'mwamba. Anawongola chisoti ngati munthu wowina mlandu.

"Mwamva? Ndinkanena ine. Ndiye adokotala, poti amabwera yekha, alibe vuto. Si wa chakudya. Tingomusiya."

"Apo ndiye mwalakwitsa, a Chande. Magazi safunsa kuti shugayu wachokera pambale kapena kuchiwindi. Amawononga chimodzimodzi. Taganizani kutalika kwa usiku. Ngati mukudzuka ali pa 260, ndiye kuti pamene inu mumagona, iye amagwira ntchito. Amawononga timitsempha ta m'maso. Ta mu impso. Ta kumapazi. Ndiponso mukadzuka ali kale pamwamba, chakudya cham'mawa chimakwera pamwamba pakepo. Tsiku lonse limayamba molakwika."

"Koma sindimva kupweteka."

"Chiswe chimapweteka nyumba? Imangogwa. Mumadzuka kukataya madzi usiku?"

"Kambirimbiri."

"Ludzu?"

"Amamwa ngati dimba," anayankha Zulfa.

"Ndi shugayo akulankhula. Kukwera tsiku limodzi lokha si nkhani yaikulu. Mwina munthu sanagone bwino, mwina ali ndi malungo. Koma akamakwera ulendo ndi ulendo, ndiye kuti pali choti tikonze. N'chifukwa chake timayeza m'mawa musanadye. Nambala imeneyi ndiyo imatiuza ngati mankhwala akugwira usiku. Ulendo wotsatira ndinkafuna kusintha mapiritsi anu. Inu simunabwere."

Zulfa anakonza mpango womwe unali bwinobwino.

"Tiyeni tione zina," anatero a Dyton. "Madzulo amadya chiyani?"

Apa Zulfa anawongoka. Imeneyi inali mbali yake.

"Kwanga shuga kulibe, adokotala. Funsani aliyense. Amadya mpunga. Chinangwa. Nthochi."

"Zonsezo nthawi imodzi?"

"Ndi mwamuna."

"Mpungawo wochuluka bwanji?"

Zulfa anaonetsa ndi manja. A Dyton anakweza nsidze.

"Umenewo ndi wa munthu mmodzi kapena wa msonkhano wa chipani?"

"Koma sutsekemera."

"Pakamwa sutsekemera. Ukafika m'mimba umasanduka shuga. Chinangwa chimodzimodzi. Kondowole, nsima, mbatata, buledi. Si zoletsedwa. Koma phiri lotere, munthu n'kugona pomwepo, nkhokwe ija imasefukira. Munachita bwino kuchotsa shuga wa mu tiyi. Anangotulukira pakhomo n'kulowera pazenera."

Zulfa anayang'ana manja ake. Anali akadali otambasula, kukula kwa mbale ija. Anawabweza pamiyendo.

"Nanga mapiritsi? Munatenga a mwezi umodzi. Mwakhala mukumwa chiyani?"

A Chande anakanda m'khosi.

"Am'mawa okha. Amadzulo ndinasiya."

"Chifukwa?"

"Kuti akhalitse. Kubwera kuno kunasanduka nkhondo."

Sanamuyang'ane Zulfa. Zikanakhala bwino akanamuyang'ana.

Zulfa ndiye anayamba kulankhula. Mawu anatuluka ochepa.

"Maso awo. Abwerera?"

A Dyton anatenga katochi. Anaunika diso lina, kenako linzake.

"Sindikulonjezani. Shuga akakwera kwambiri, diso limasintha mkati, munthu n'kumaona utsi. Utsi umenewo kawirikawiri umachoka shuga akatsika. Zimatenga masabata. Koma shuga akakhalitsa pamwamba amawononga kumbuyo kwa diso. Kumeneko kukawonongeka sikubwerera. Ndikutumizani kwa a maso akaone bwino. Pakali pano musagule magalasi a pamsika. Tsitsani shuga kaye."

"Tiuzeni chochita," anatero Zulfa.

A Dyton ananena momveka. Mapiritsi amwedwe onse, am'mawa ndi amadzulo, monga alembera. Anasintha mlingo wake. Anachenjeza kuti munthu asawonjezere yekha, ndipo asabwereke a mnzake. Chakudya chamadzulo chidyedwe msanga, osati pokagona. Mpunga uchepe. Masamba, nsomba ndi nyemba zichuluke. Akatha kudya ayendeko pang'ono.

"Ndiye ndingowagoneka ndi njala," anatero Zulfa. "Shugayo asowe poyambira."

"Ayi, mayi. Kumeneko ndi kugwa mbali inayo. Mapiritsiwa ndi mimba yopanda kanthu atha kutsitsa shuga mopitirira. Zimenezo ndi zoopsa. Akadzuka usiku ali thukuta, akunjenjemera, mtima ukugunda, apatseni madzi a shuga msanga, kenako chakudya. Mawa lake mubwere mudzandiuze. Choncho m'nyumba musunge kashuga pang'ono."

"Ndigulenso shuga?"

"Kapaketi kamodzi. Ka mankhwala."

"Nyerere zibwerera," anatero a Chande. Zulfa anawaponda phazi.

"Mubwerenso pakatha masabata awiri," anamaliza a Dyton. "Osadya, monga lero. Ndipo musasale chakudya dzulo lake kuti nambala ikongole. Mukatero mwanamiza ine, koma maso anu simunawanamize."

Panja anapeza Rahila atakhala pamthunzi. Ankasenda dzira lowiritsa. Anasendera kuti awapatse malo. Zulfa anakhala pakati.

Funso linamutsamwa Zulfa ngati munga wa nsomba. Pomaliza linatuluka.

"Shuga wanu ndi angati?"

"118."

Mkazi wokazinga zitumbuwa tsiku ndi tsiku. Wopanda womuphikira. Wopanda womulondera. 118. Pamene mwamuna wa iye Zulfa, wa m'nyumba yopanda nyerere, 260. Nsanje ija sinathe. Inangosintha njira.

"Madzulo mumadya chiyani?"

"Bwerani mudzaone mbale yanga."

"Mbale ndili nazo."

Mawa lake dzuwa litapendeka Zulfa anapita pansi pa mango paja. Anati akufuna kubwereka sefa. Sefa anali nayo kunyumba. Anapeza Rahila akupakula. Mpunga wonga chibakera. Chisoso ndi therere theka la mbale. Kampango chidutswa chimodzi.

"N'kukhuta?"

"Sabata yoyamba mimba imatukwana. Kenako imazolowera."

Zulfa anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Anabwerera kunyumba. Sefa anaiiwala.

Madzulo amenewo a Chande anapeza chakudya kukadali kowala. Anayang'ana mbale. Anaiyang'ananso pansi pake.

"Mpunga winawo uli kuti?"

"Ndi womwewo."

"Phiri lija lagumuka?"

"Idyani. Mkazi uja asatipose."

Mapiritsi Zulfa ankawapereka yekha, pamodzi ndi kapu ya madzi, n'kuima mpaka amezedwe. Akatha kudya ankayenda onse awiri m'mbali mwa minda ya mpunga. Njira ankasankha ndi Zulfa. Sinkadutsa pansi pa mango.

Sizinayende mwa matsenga. Mpukutu wa nsalu za komiti uja unapitadi kwa telala wa kuboma. Zinawawa. A Chande ankangosoka zigamba ndi mipendero, ulusi akuwalowetsera mkazi. Masiku ena ankadandaula njala. Tsiku lina anagwidwa ndi chinangwa chootcha kuseri kwa golosale, ndipo nkhani yake inamveka mpaka pamlatho. A maso anawaona. Anati kumbuyo kwa diso kwayamba kukhudzidwa pang'ono, koma abwera nthawi ikadalipo. Anawauza kuti aziyezetsa maso chaka chilichonse.

Ulendo wotsatira shuga anali 190. A Dyton anagwedeza mutu n'kusinthanso mapiritsi pang'ono. Ulendo wina 150. Usiku a Chande anayamba kugona osadzukadzuka. Botolo la madzi linayamba kubwerera kunyumba lili ndi theka.

Ulendo uliwonse Zulfa ankakwera nawo matola. Pakati. Potuluka kwa adokotala ankayamba wafunsa nambala ya Rahila asananene yawo.

Tsiku lina a Dyton anati: "124."

Zulfa anatuluka mofulumira.

"Wanu?"

"127," anatero Rahila.

Zulfa anangogula mazira atatu owiritsa. Limodzi anapatsa Rahila. Pamatola anayimba chapansipansi njira yonse.

M'mawa wina, mvula itangoyamba, Zulfa anafika pakhonde la golosale ndi botolo lake. Anatambasula dzanja kuti alandire ulusi, monga mwa chizolowezi. A Chande sanamupatse. Ananyowetsa nsonga. Anayang'ana singano. Inali imodzi. Ulusi unalowa.

Useni anali pomwepo, atanyamula nsalu yatsopano. Ya mtundu wina.

"Mwasintha chipani?" anafunsa a Chande.

"Chipani sindinasinthe. Awa ndiwo agawa sabata ino. Ndipo wa kuboma uja makolala ake amaluma. Thumba pachifuwa, atelala."

"Pachifuwa."

Asanachoke panafika Rahila. Naye anali ndi nsalu, ya maluwa, ya ukwati wa Nasra.

"Atelala, ndamva maso abwerera. Mundiyeze diresi."

A Chande anatambasula dzanja kuti atenge tepi yomwe inali pakhosi pawo. Anapeza palibe. Inali kale m'manja mwa Zulfa.

"Kwezani manja, amake Nasra," anatero Zulfa. "Iwo asoka. Kuyeza ndiyeza ine."

Funso la a Chande amafunsa ambiri. Pamabenchi a zipatala, kuchokera kunyanja mpaka kutauni, mawu ndi omwewo: sindinadye, ndiye shugayu ali ndi vuto lanji?

Ali ndi vuto. Shuga wa m'mawa atha kukwera munthu asanalawe kanthu, chifukwa chiwindi chimamutulutsa usiku. Amakweranso ngati mankhwala akuchepa mphamvu, ngati munthu akudumphitsa mapiritsi, kapena ngati chakudya chamadzulo n'chochuluka ndipo chadyedwa mochedwa. Kulikonse kumene wachokera, akamakwera mobwerezabwereza amawononga maso, impso, mtima ndi mapazi mwakachetechete.

Ngati muli ndi shuga, musaphonye tsiku lanu la kuchipatala. Pitani m'mawa musanadye, ndipo dzulo lake idyani monga mwa masiku onse. Auzeni adokotala zoona za mapiritsi ndi za mbale yanu. Musasinthe mankhwala nokha, ndipo musagone ndi njala. Inu a m'banja, nambala ikakwera musayambe kufufuza kumene munthu wadya. Mukwere naye matola, mukamve limodzi.